Chigawo cha Amayi

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, koma ine mtima suli m'malo. Kalatayi ndaiyamba katatu n'kuing'amba, ndiye muiwerenge mutakhala pansi.

Mukuikumbukira kompyuta ya Bambo ija, yoti ukaiyatsa umatha kuwiritsa tiyi isanadzuke? Mwezi watha ndinati ndiwathandize poikamo sisitimu yatsopano. Disiki yake inali yogawidwa pawiri: chigawo china cha mapulogalamu, china chimene Bambo anachitcha "Amayi". Mmenemo ndi mmene munali zithunzi ndi mawu onse amene tinkawajambula Amayi akudwala, akuimba ndi kutilangiza. Makina atandifunsa poti ndiike sisitimuyo, ine katswiri wanu wa pakamwa ndinangodina osawerenga. Itayaka, chigawo cha Amayi panalibe.

Kulakwa kwanga kwenikweni kunayambira apa. Sindinawauze Bambo. Ndinawanamiza kuti zinthu zikusanjidwa, ndipo kwa masabata atatu iwo ankalemba makalata awo a komiti pa makina omwewo, ine n'kumathiramo mapulogalamu ofufuzira, lero iyi, mawa ina, thukuta lili kamukamu.

Nditagonja ndinainyamula kupita kwa mayi wina wokonza makompyuta, amene kakauntala kake kali kuseri kwa sitolo ya nsapato. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Chichitikireni zimenezi mwaigwiritsako ntchito?"

"Pang'ono chabe," ndinatero.

"Pang'ono wakeyo ndi masiku angati?"

Nditamuuza anagwira pakamwa. "Achimwene, chigawo chikasowa zinthu zimakhala zilimo, chimene chachoka ndi cholozera chabe. Koma chilichonse chimene mwasunga kuyambira tsikulo chakhala chikulembedwa pamwamba pa mawu a amayi anu. Mukanangoizimitsa n'kubwera nayo."

Kompyutayo inakhala kwa iye masiku anayi, ndipo chigawo chinabwerera. Zithunzi zambiri zapulumuka, ngakhale zina zadukira pakati, nkhope kumtunda, kumunsi kotuwa. Koma pa mafayilo makumi anayi a mawu, yatseguka imodzi yokha, ya masekondi asanu ndi anayi. Amayi akutsokomola, kenako akuti, "Wayamba kale kujambula? Dikira kaye ndikhale bwino." Basi, yathera pomwepo.

Lamlungu masana ndinawaululira Bambo zonse. Ndinkafuna andikalipire, mwina ndikanapepukidwa. Iwo anangoti ndiwayatsire mawu otsalawo. Anamvetsera katatu, dzanja lili patsaya, kenako anati, "Chabwino, mayi, tidikira." Anadzuka n'kukalowa kuchipinda. Mpaka lero sanaitchulenso nkhaniyi. Amandipatsa moni, amandifunsa za kuntchito, ndipo kufatsa kwawoko kukundidya kuposa ndodo.

Achemwali, ndikhululukireni. Mawu amenewa anali athu tonse, ndipo ndawataya ndi manja angawa chifukwa choopa manyazi. Chonde fufuzani m'mafoni anu akale ndi a alamu. Ngakhale uthenga wa Amayi wongofunsa ngati munafika bwino, musaufufute, ndipo musautumize kwa ine ndekha.

Bambo akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Kamtsikana kanu kachitsiriza kaja kanandiuza pa foni kuti kakadzabwera pa holide kadzamva agogo ake akuimba, poti sikanawaone. Sikakudziwa kuti nyimbozo zatayika. Muyambe inu kukauza pang'onopang'ono.

Ndine mlongo wanu wosweka mtima.