Bowo la Bwato Langa Lachepa

Loweruka, Ogasiti. Tsiku loipa, mphepo yokhayokha.

Ndinakokera bwato langa lamatabwa ku damu la pa purazi kukaliyesa. Pamwamba pake ndinatsekapo ndi matabwa, ndipo bowo lokhalamo ndinadula laling'ono dala kuti mafunde asamalowe, mpando n'kuukhomera kutsogolo. Muyeso ndinatenga m'chiuno, koma ndinaiwala bondo ili, lomwe silipindika kuyambira pamene ndinagwa m'balani ya fodya. Kulowa ndinalowa. Potuluka, amake Tendai anachita kundikoka m'khwapa, azimayi ochapa akuonerera.

Mkazi wangayo sanaseke. Anangoti, "Baba, nanga likagubuduzika pakati pa madzi, adzakukokani ndani?"

Ndikakulitsa bowolo, madzi azilowa. Ndikalisiya, ndadzikhomera ndekha bokosi lamaliro. Sowo yokulitsira bowolo ili pakhomo apo, koma bondo lake lomweli...