Phala la Galu Wanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira inu ndi alamu muli bwino ku Beirako. Kuno ku Chapananga tilipo, mayi mwendo uja wasiya kutupa.

Nkhani ndi ya galu wanu Mundilekere, wolondera mbuzi uja. Anayamba kuwonda chonsecho akudya, madzi osamukola, ndipo pomwe wakodza pamadzaza nyerere. Alangizi a ziweto atamuyeza anati ndi shuga. Jakisoni wake akuti ngwa ku Blantyre, koma podikira tizimuthirira ufa wa masamba a sangowa, mtengo wa chammwamba uja, m'chakudya. Sanalonjeze kuti achira, anangoti ena akuuyesa pa ziweto.

Ufawo ndinasinja ndekha, koma galu osasintha, mpaka fisi anatitengera kamwana ka mbuzi. Tsiku lina m'mawa ndinapeza bambo akutakasa phala la galuyo, paketi ya shuga ili pambali.

"Bambo, mukutani?"

"Wodwala angamwe phala lopanda shuga? Kwathu kuno sititero. Masamba akowa ndi owawa."

Ndinakwiya, shugayo ndinakatsekera m'sutukesi yanu. Chichokereni pamenepo Mundilekere wachepetsa madzi, ndipo dzulo watsata mbuzi mpaka ku mtsinje wa Mwanza. Ine sindikukayika, mudzamupeza ali moyo.

Chonde mufunsefunse za jakisoniyo kumeneko, masamba okha sitingawadalire. Muwayimbirenso bambo, muwayamikire. Akuti sangamwe zotsekemera wodwala akuwayang'ana, ndiye tiyi akumwa wopanda shuga, nkhope ili gwaa, galu ali pamapazi pawo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esinati