Nkhope zadzaza webusaiti, mpunga osaoneka

Agogo,

Ndine mtsikana wa ku Golomoti, ntchito yanga ndi yokonza mawebusaiti. Gulu la alimi a mpunga kwathu kuno linandipempha kuti ndiwakonzere yawo kuti ogula akutali aziwapeza. Wapampando ndi malume anga, a Gibson, omwenso akhale ankhoswe pa chinkhoswe changa mwezi wamawa.

Tsamba loyamba ndinaikapo chithunzi cha mpunga, mtengo wake ndi nambala ya foni basi. Malume ataona anagwira chibwano. Amvekere: "Mwana iwe, unauona kuti msonkhano woyambika osalemekeza anthu? Mlendo angofikira pa thumba?"

Ndiye ndinayamba: tilemekeze wapampando, wachiwiri wawo, mlembi, msungichuma, aliyense ndi chithunzi chake. Atamva oyang'anira ngalande anabweranso atatchena. Aliyense akuti chake chikhale chachikulu, asaoneke ngati nyerere.

Tsiku la msika ndinakumana ndi a Saidi, omwe amapikula mpunga kukagulitsa ku Lilongwe. Akuti: "Chemwali, bandulo yanga inathera pa msungichuma. Kodi mumagulitsa mpunga kapena madala?" Ati akapanda kuona mitundu ndi mitengo mwezi uno, akagula kwina.

Ndikachotsa zithunzi, malume akhumudwa chinkhoswe chili pakhomo. Ndikazisiya, mpunga wa anthu ugonera m'nyumba. Nditani?

B.K., Golomoti

Mdzukulu wanga B.K.,

Webusaiti yako ndaitsegula. Ine ndinakalambira m'kalasi kuphunzitsa masamu ku Mua, choncho ndinawerenga. Nkhope zilipo khumi ndi zisanu ndi zinayi. Majekete ndi asanu ndi awiri, ndipo labulauni lija ndaliona pa anthu atatu. Mpunga ndinaupeza kumapeto kwenikweni, tiyi wanga atazizira.

Komatu malume ako sanalakwe zonse. Kwathu kuno ulemu ndiye umayamba. Chomwe aiwala n'chakuti pamsonkhano amene timamuyalira mphasa ndi mlendo. Pawebusaitipo mlendo ndi a Saidi, ndipo ndi okhawo amene simunawalemekeze.

Usakangane nawo. Uwagulire kabandulo kakang'ono pa foni yawo yomwe, mupitire limodzi kudimba kumene netiweki imachita kuzemba, uwapemphe mwaulemu kuti akupezere nambala ya gulu. Iwe ukhale chete, ngakhale kuseka usaseke. Akafika pa nkhope ya wachiwiri wawo foni ikungozungulira, ayankhula okha.

Pamenepo uwaonetse zomwe wakonza kale. Tsamba loyamba likhale ndi moni wa mzere umodzi kwa wogula, kenako mpunga, mtengo ndi nambala. Akuluakulu onse uwamangire tsamba lawolawo, ulitche "Atsogoleri athu", malume pamwamba. Zithunzi uzipepuze kuti zizitseguka msanga, njira yake ukuidziwa kuposa ine. Chithunzi cha gulu lonse ukachisindikize chachikulu, muchipachike pamalo pomwe mumakumana. Anthu amene madalawo akufuna kuti awaone sali ku Lilongwe, ali pomwepo.

Kugulu akanene ndi malume, osati iwe. Akanena kuti nzeruyo ndi yawo, uwombe m'manja. Zikatheka uwaimbire a Saidi tsiku lomwelo.

Koma samala. Usachotse chithunzi cha munthu mobisa, ndipo pa tsamba latsopanolo usasokoneze ndondomeko ya maudindo. Mlembi akapezeka pansi pa msungichuma, mlandu wake sindidzauweruza ine.

Tsiku la chinkhoswe uwasiye malume alemekeze aliyense, mpaka woimba ng'oma ndi wosunga njinga. Kumeneko bandulo siitha.

Agogo