Tenti Yoyera Ili Kale ndi Mwini

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino kutaliko, pamodzi ndi mlamu wathu amene mpaka pano tikumudziwira pa zithunzi. Chifuwa chija chinatha, kapena ukungolimba mtima monga mwa chizolowezi chako? Kuno tilipo. Amayi mwendo ukuwavutabe kukazizira, koma pakamwa pali bwinobwino. Akuti ndikuuze kuti waonda, ndipo tayi ya pa chithunzi chija siikukukhala.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni iwe umayamba ndi "achemwali tamverani kaye", ine ndimayankha zanga, kenako timatsazikana nkhani tisanaiyambe. Pepala sungalidule mawu.

Nkhani yake ndi ya tenti. Unaimbira amalume kuwapempha tenti yoyera yaikulu ija, ya mawindo, kuti ikhale ya ukwati wako. Anakuyankha monga amayankhira aliyense, kuti zitheka. Paja n'chifukwa chake anthu anawapatsa dzina loti a Zitheka. Chimene sanakuuze n'chakuti Loweruka lako lija tentiyo ili kale ndi mwini. Mayi wina telala, wosoka madiresi kuseri kwa msika, akukwatitsa mwana wake tsiku lomwelo, ndipo anaisungitsa iwe usanaganize n'komwe zofunsira mkazi.

Unachoka kalekale, mwina waiwala mmene bizinesi ya amalume yobwereketsa matenti inkayendera. Ankavomera aliyense, ngakhale anthu awiri ofuna tenti imodzi tsiku limodzi. Tsiku likafika ankawayeza anthu awiriwo m'mutu mwawo, wamphamvu n'kumupatsa yoyera, wofooka n'kumutumizira yobiriwira ya zigamba, ija mvula ikagwa alendo amatsegula maambulera ali m'kati. Akatero ankazimitsa foni. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma kwa amalume wovumbwa amakhala wina. Wotukwanidwa ankakhala dalaivala wathu, a Chipewa, amene tsiku lina anabwerera ku shedi yosungira matenti malaya atang'ambika, keke ili m'khutu.

Ine ndinalowa m'shedi imeneyi nditasiya yunivesite. Ndikudziwa mmene mumaikambira nkhaniyo pachibale, motsitsa mawu ngati mukukamba za matenda a manyazi. Iwe unamaliza, unavala mkanjo, chithunzi chako chili pakhoma kwa amayi. Changa chilipo, cha ndili khanda. Zilibe kanthu.

Koma ku yunivesite kuja kunali mphunzitsi wina wa choko m'thalauza, amene ankajambula timabokosi pa bolodi n'kumatilumikiza ndi mizere. Ankabwereza mawu amodzi ngati wotchi yowonongeka: chinthu chilichonse chilembedwe malo amodzi, kamodzi kokha. Ine ndinkakhala kumbuyo n'kumaganiza kuti munthu wamkulu ngati ameneyu akulandira malipiro chifukwa chojambula mabokosi.

Chaka chatha, nditatopa n'kupepesa anthu pa mabodza a eni, ndinapukuta fumbi kompyuta ija unasiya, ndi kumangamo chimene anzako ophunzira amati databesi. Ine ndimangoti nkhokwe. Muli gawo la makasitomala. Muli gawo la katundu, tenti iliyonse ndi mizati yake, zikhomo, zingwe, mipando. Muli gawo la malole ndi la amuna okhoma matenti. Chilichonse chili ndi nambala yakeyake. Ndiye pali gawo la maoda, ndipo apa m'pamene pali nzeru. Oda siibwereza dzina la munthu kapena la tenti, imangogwira nambala ya uyu, nambala ya ichi, ndi tsiku. Ukakoka chimodzi, zonse zogwirana nacho zimabwera zokha.

Mlongo wanga, iwe ukundidziwa. Ndakhala ndikunyoza zinthu moyo wanga wonse, ndipo nthawi zambiri ndimakhala ndikulondola. Ichi chandisowetsa chonena.

Lachisanu lina lole yaikulu inafera pamsewu. Kale tikanathamangathamanga, wina akufunsa mnzake kuti mawa tinalonjeza ndani, amalume akukanda m'mutu. Ine ndinalemba funso limodzi: ndi maphwando ati a mawa amene akudalira lole imeneyi, atenga katundu wanji, eni ake foni zawo ndi ziti. Chala ndisanachichotse pa batani yankho linali litaima kale pamzere ngati ana asukulu. Linandiuzanso chimene sindinaganize, kuti mizati ya tenti imodzi inali isanabwerere kuchokera ku maliro ena. A Chipewa anavula chipewa chawo, chinthu chimene ngakhale akazi awo akuti sachionaona.

Tsiku lina magetsi anazima ndili pakati polemba oda. Ndinali nditalowetsa tenti, mipando ndisanafike. Ndimvekere apa zasokonekera, tenti ipita kopanda mipando. Magetsi atabwera ndinapeza palibe chilichonse cha oda ija, ngakhale kachidutswa. Nkhokwe inabweza zonse mmene zinalili. Imatenga lonjezo lonse kapena kulisiya lonse, theka siisunga. Ndinakhala pa mpando wapulasitiki, m'fungo la matenti onyowa, ndikuganiza za anthu onse amene ndimawadziwa, ndipo sindinapeze ngakhale mmodzi wotero. Amene anaganiza zimenezi sindikuwadziwa, koma ndikanawagwadira, ine wosagwadira munthu.

Ndiye ndinaikamo lamulo limodzi: tenti imodzi, tsiku limodzi, munthu mmodzi. Ndi kamzere kakafupi, sikafika ngakhale kumapeto kwa sikirini. Chiikireni palibe amene watukwana a Chipewa. Amuna okhoma amafunsa Lachinayi kuti Loweruka apita kuti, ndipo kumene ndawauza n'kumene amapitadi.

Mmawa wake wa foni yako amalume anabwera atavala jekete, nandiuza kuti ndikulembe pa tenti yoyera. Ndinalemba iwo akuona. Nkhokwe inakana, inati tenti iyi pa tsiku ili yatengedwa kale. Anati ndiyesenso, mwina sinamve. Ndinayesanso. Anati ndiye ndichotse telalayo. Ndinawakankhira kompyuta kuti amuchotse okha. Anasaka dzina lake ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, nadina. Inakananso, inati munthuyu sangachotsedwe chifukwa pali oda imene yatsamira pa iye.

"Uiuze kuti mwini wake ndine," anatero amalume.

Ndinawayankha kuti gawo la maudindo sindinamange. A Chipewa anapita kuseri kwa lole, akuti kukaona tayala, koma mapewa awo ankaoneka akugwedezeka.

Usaganize kuti ndinasangalala. Ndinachita mantha. Kuyambira tili ana sindinaonepo chinthu chikuwakana amalume popanda kukuwa kapena kunjenjemera. Bambo athu ankawavomera, amayi amawavomera, abusa amawavomera. Ine ndimawakana ndi phokoso, kenako pofika masana ndimakhala nditatopa, n'kuchita zomwe akufunazo ndikung'ung'udza. Icho chinawakana mwakachetechete, kachiwiri mofanana ndi koyamba. Lamulo ndinalilemba ndine, ndi zala zanga zomwezi, koma linaima pamene ine sindinaimepo.

Ndisakunamize, njira ilipo. Ndikhoza kuthetsa oda ya telala, kapena kuchotsa kamzere kaja, madzi a tiyi asanawire. Mawu achinsinsi olowera ali ndi ine ndekha, ndipo amalume akudziwa.

Usaganizenso kuti sindinakufunire. Ndinaifunsa nkhokwe m'malo mwako, ndinaitembenuza uku ndi uku. Loweruka lako kwatsala yobiriwira yokha. Ndinaimbira ngakhale anzathu opikisana nawo, amalume osadziwa, chifukwa akanakomoka kumva kuti mphwawo akwatira pansi pa tenti ya wina. Nawonso zawo zonse zinapita, ndi nyengo ya maukwati. Koma Loweruka lotsatira yoyera ilipo, mipando yonse ilipo, lole ilipo, amuna onse alipo.

Sabata yatha mayi telala uja anabwera, tepi ili m'khosi. Amafuna kuyeza mizati, akuti akusoka yekha nsalu zokulungira, kuchokera ku tizidutswa ta satini timene wakhala akusunga pa madiresi a akwati a eni. Anayeza, analemba padzanja, kenako anangoima osachoka. Anati wamva mphekesera kuti pabanja pathu pali ukwati. Amalume anali pomwepo, ndipo anayamba nyimbo yawo ija, kuti asadandaule, zonse zitheka. Mayiyo sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana kompyuta, kenako ine.

"Mwana wanga, makinawo akuti bwanji?"

Ndinamutembenuzira sikirini. Anawerenga dzina lake pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Tenti ndi yanu, mayi," ndinatero.

Atachoka, amalume anandiuza kuti chibale ndi fupa sichiola, ndipo kompyuta siidzabwera pa maliro anga. Anati pofika kutha kwa mwezi dzina lako likhale lili pa tenti yoyera. Kupanda kutero kompyutayo ilowa m'kabati, iwo abwerera ku njira yawo yakale, ndipo ine ndipite ndikamalize yunivesite yanga popeza ndine wanzeru. Apo anadziwa pobaya. Amayi nawo akuti ndikuchita nsanje chifukwa mng'ono akukwatira mkulu ali chikhalire. Azakhali akuti ndakwatiwa ndi makina. Ndinawauza kuti mwamuna wangayo sanama ndipo sabwera ataledzera, iwo afunse awo. Sakundilankhula.

Tsono tamvera, iwe. Sindinakupemphepo kanthu. Pamene ndinabwerera kunyumba ndi sutikesi, anthu akundiyang'ana pazenera, sindinakupemphe ngakhale mawu ondiikira kumbuyo. Lero ndikupempha. Imbira amalume, uwauze ndi pakamwa pako kuti tenti ya tsiku limenelo waisiya. Ine sangandimvere, iwe akumvera chifukwa unavala mkanjo. Sunthani ukwati ndi sabata imodzi.

Ndikudziwa kuti si nkhani yaing'ono. Makhadi mwasindikiza kale, tchuthi kuntchito munapempha kale, ndipo uyenera kukaima pamaso pa apongozi ako n'kufotokoza kuti mchemwali wako wouma mutu wakana. Uwauze choncho, ndi zoona, sindidzakwiya. Mlamu akalira, umupatse foni andilalatire ine, ndili nawo makutu.

Koma ndikachotsa kamzere kaja chifukwa cha iwe, mawa ndichotsa chifukwa cha msuweni, mkuja chifukwa cha mnzawo wa amalume wa kumowa. Zikatero nkhokwe idzasanduka amalume ena, ongoti amadya magetsi. Ichi n'chinthu chokhacho chimene ndinachiyamba n'kuchimaliza, ndipo chinatuluka chabwino kuposa mwini wake. Sindichiphunzitsa kunama. Ukakana, ukwatira m'tenti yoyera ndithu, amalume apeza njira yawo, koma chala changa sichikhalapo, ndipo ntchito ndikhala ndilibe.

Loweruka lotsatiralo ndalilemba kale m'dzina lako, ngakhale sunandiuze. Dzulo kunabwera bwana wina wa galimoto lalitali, mphete zili mbwee m'zala, akufuna tenti yoyera pa tsiku limenelo. Amalume anamupatsa mpando wabwino, anamuitanira zakumwa, namuuza kuti zitheka. Anandiitana kuti ndilembe. Ndinalemba. Nkhokwe inakana, inati tenti ili kale ndi mwini. Bwanayo anaweramira pa sikirini n'kufunsa kuti kodi ameneyu ndi ndani kuti amukanize iye. Amalume anawerenga dzinalo. Linali lako.

Ndiyankhe mwezi usanathe.

Undiperekere moni kwa mlamu, umuuze kuti sindiluma tsiku lililonse. Moni kwa makolo ake ndi onse a kwawo. Amayi akuti uzivala juzi. A Chipewa akuti pa ukwati wako avina mpaka nsapato kung'ambika, tsiku lililonse limene ungasankhe. Mulungu akusunge, akupatse mtima wofewa ndi banja la mtendere, akubweretse kuno uli wamphumphu.

Ndine mchemwali wako,
yemwe uja wa pakamwa pakuthwa.