Mitengo Yopakidwa Penti

Mwana wa mlongo wanga,

Landira moni. Kuno tilipo, kupatula bondo langali, lomwe likulosera mvula kuposa a pawailesi.

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi mkazi wa wosoka nsapato uja. Umamudziwa, amathira mchere koma sanama. Akuti akuchapa kumtsinje, anaona a zachilengedwe akuyendera nkhalango ya bambo ako, muja mumaswana mbalame za makosi aatali. Anapaka penti yofiira mitengo ikuluikulu, n'kusiya mawu kwa mayi ako kuti lamulo likufuna mwini malo aisamale, asadule ngakhale nthambi. Mayi akowo makutu anatseka kalekale, anangovomera ndi mutu.

Tsono bambo ako anakalambira ku macheka, ndipo kumeneko mtengo wopakidwa penti ndiye wogwetsa. Atabwerako kuchipatala n'kuona zofiirazo, anati, "Mayi, boma latilola!" Anabwereka makina odulira mitengo, n'kugwetsa yonse, zisa ndi tiana tomwe.

Madzulo anafika kwanga akuseka, utuchi uli m'tsitsi. "Achemwali, denga lija lisiya kudontha!" Ndinawauza zimene ndinamva. Anakhala pakhonde mpaka madzi amene ndinawapatsa anagweramo ntchentche.

M'mawa mwake galimoto ya a zachilengedwe aja inabwera. Anayendera zitsa zonse, n'kunena kuti za malowo tikamvera kukhoti. Bambo ako anakwera okha, osakankhidwa. Mapiritsi awo a shuga anatsala pawindo.

Ukapeza mpata, usadikire kuti tikuitane kawiri.

Ndine azakhali ako.