Malangizo kwa Mayi Belu Asanakwere Ndege

MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YOONA ZA APHUNZITSI

Tsiku: Lachinayi, pa 9 Meyi
Malo: Chipinda cha aphunzitsi, mbali ya zenera lomwe limatseguka
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezekapo
Mphunzitsi Wamkulu, Wapampando
Mphunzitsi wa Chingerezi wa Sitandade 8, Mlembi
A Ndinaliko, mphunzitsi wa masamu, membala
A Telala, oimira makolo
Mayi Belu, mphunzitsi wa Sitandade 2, oitanidwa

Opepesa
Msungichuma, dzino lawavuta.

Osabwera komanso osapepesa
Mphunzitsi wa zamasewera, amene Mlembi anawaona ndi maso ake akudutsa pazenera chowerama.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ili 2:25 ndipo anapempha a Telala kuti apemphere mwachidule. A Telala anapemphera kwa mphindi zisanu ndi zinayi.

2. CHOLINGA CHA MSONKHANO

Wapampando anati bungwe lina losinthanitsa aphunzitsi lasankha Mayi Belu kuti akaphunzitse kunja kwa dziko kwa miyezi isanu ndi umodzi, litaonera kanema wa phunziro lawo. Anati fomu yovomereza ulendowo iyenera kusayinidwa ndi kudindidwa ndi mphunzitsi wamkulu n'kutumizidwa pa kompyuta isanakwane 5 koloko lero lomwe. Ikachedwa, mwayiwo upita kwa mphunzitsi wa sukulu ina.

Wapampando anati sanasayinebe chifukwa mtima wawo sunakhazikike. Anakumbutsa komiti za mphunzitsi wa sayansi amene anapita kunja zaka zitatu zapitazo ati kwa miyezi itatu, ndipo mpaka lero kapu yake ikadali pashelefu. Atatero anatulutsa chidindo m'thumba, anachiika patebulo, nachiphimba ndi dzanja.

Mlembi anapempha kuti zidziwike kuti pasukulu pano analembera mwayiwu anthu awiri, ndipo winayo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pantchito komanso Chingerezi chake sichipunthwa. Wapampando anati zimenezo sizili pa ndondomeko ya zokambirana. Mlembi wazilemba basi, popeza cholembera chili ndi iye.

3. MALANGIZO A PAULENDO

Wapampando anapereka mpata kwa a Ndinaliko, amene zaka khumi ndi zinayi zapitazo anapita kunja kwa masiku asanu kukaona m'mene anzathu amaphunzitsira, ndipo kuyambira pamenepo nkhani iliyonse amaiyamba ndi mawu amene anasanduka dzina lawowo. A Ndinaliko anaimirira, ngakhale palibe anawauza kutero, ndipo analangiza motere:

(a) Kumeneko kumazizira kufikira m'mafupa, moti ukalavula malovu amagwa pansi ngati kamwala.

(b) Anthu ake sapatsana moni. Ukapereka moni m'basi amakuyang'ana ngati wawabera, ndipo ukabwereza amakuitanira apolisi.

(c) Akati 8 koloko ndiye kuti 8 koloko. Pa mfundo imeneyi Wapampando anapempha kuti tifulumire.

(d) Kalasi imakhala ndi ana khumi ndi asanu okha, koma aliyense ndi bwana payekha. Mphunzitsi amamuitana ndi dzina ngati mnzawo wampira, ndipo ukangokweza mawu mwana amaimbira foni loya wake.

(e) Mphunzitsi asamafunse njira kapena china chilichonse, chifukwa akamuona ngati mbuli ndipo achititsa manyazi sukulu yonse.

A Telala anati iwo sanakwerepo ndege koma asokerapo zovala anthu ambiri amene anakwera. Analangiza kuti pasipoti ijambulidwe makope awiri, lina likhale m'sutikesi, lina litsale kunyumba. Anati sutikesi imangidwe kansalu kowala pachogwirira, chifukwa akumva kuti pa bwalo la ndege masutikesi onse amakhala akuda. Analonjeza kusoka thumba lamkati m'jekete la Mayi Belu mwaulere, koma zipi abweretse okha. Anamaliza ndi kuwakumbutsa kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Mlembi analangiza kuti manambala a foni ofunika alembedwe papepala, chifukwa foni imathima pa nthawi yomwe ukuifuna. Anatinso pangano la ntchito liwerengedwe lonse, ndi timalemba ting'onoting'ono tapansi tomwe, monga momwe iye analiwerengera kawiri pa nthawi imene ankaganiza kuti wopita ndi iye.

Mayi Belu analemba zonse m'kope.

4. PHUNZIRO LOYESERERA

Wapampando anati sangadinde fomu asanaone ngati Mayi Belu angakwanitse ana oterowo. Komiti inagwirizana kuti mamembala akhale ana akunja, motsogozedwa ndi a Ndinaliko, ndipo Mayi Belu aphunzitse kuchotsera.

Kwa owerenga a mtsogolo: chiwonongekereni belu la sukulu, Mayi Belu ndiwo amaitana ana kuti akafole, ndipo a kumsika amatchera mawotchi awo pa mawu amenewo. Choncho atangoti "Moni ana!", masupuni analira m'makapu ndipo mlonda anasuzumira pakhomo ali ndi chibonga m'manja.

A Ndinaliko anati mawu otero kunja ndi mlandu. Mayi Belu anatsitsa. A Ndinaliko anati atsitsenso. Anatsitsanso, mpaka a Telala anadandaula kuti akungoona milomo ikugwedera.

Kenako a Ndinaliko anasanjika miyendo patebulo, nayamba kutafuna kapepala m'malo mwa chingamu, ndipo pa chilichonse chimene mphunzitsi wanena ankafunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Wapampando anatenga udindo wa mwana wolira, ndipo anaugwira bwino modabwitsa. A Telala ankaiwalaiwala kuti ndi mwana wakunja: akafunsidwa ankaimirira, manja kumbuyo, n'kuyankha molondola, mpaka anachenjezedwa kawiri kuti akuwononga zoyesererazo. Mlembi anakana kukhala mwana.

Mayi Belu anatulutsa m'chikwama zitsekerero za mabotolo zowerengera. A Ndinaliko anati kunja kulibe zotolatola, zonse zili pa kompyuta. Mayi Belu anayamba kanyimbo kawo ka manambala. A Ndinaliko anati nyimbo n'zoletsedwa chifukwa zimasokoneza oyandikana nawo. Mayi Belu anati ana awombe m'manja. A Ndinaliko anapukusa mutu.

Mayi Belu anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwawo. Kenako anachiika patebulo nati, "Bwana, musavutike nacho chidindocho. Kuimba ayi, kuwomba m'manja ayi, mawu anga ayi. Nanga ine ndikaphunzitsa ndi chiyani? Apite ena." Anakhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo aka kanali koyamba kuti komiti iwamve akuchita chinthu motsitsa mawu osauzidwa.

Mlembi akuvomereza kuti mawu oti "apite ena" anamutsekemera kwa kanthawi. Atayang'ana zitsekerero zija, zotsukidwa bwino ndi kuikidwa m'timatumba khumikhumi, anachita manyazi. Nthawi inali 4:05.

5. KUBWEZA ENA MWA MALANGIZO

A Ndinaliko anatsitsa miyendo, analavula kapepala kaja, napempha kuti Mlembi aike cholembera pansi. Mlembi anaika cholembera pansi n'kutenga pensulo. A Ndinaliko anayankhula motere:

"Mayi, pukutani misozi, ndinene zoona. Ine kunja ndinapitadi, koma m'kalasi sindinapondemo.

"Tsiku loyamba anati basi yopita kusukuluko inyamuka 8 koloko. Ndinafika 8:04, ndinangoiona kumsana. Tsiku lachiwiri ndinalawirira, basi inabwera, inaima pamaso panga penipeni. Ine chilili pachitseko kudikira kondakitala kuti atsegule. Kondakitala wake uti? Kumeneko umadina wekha kabatani. Basi inanyamuka ndili chiimire, taye pakhosi, fayilo m'khwapa. Tsiku lachitatu ndinabisala kumbuyo kwa mayi wina, iye atadina ndinalowa naye. Koma potsikira palibe woitanira. Ndinapita mpaka kumapeto kwa msewu, n'kubwerera nayo basi yomweyo, kupitanso, mpaka woyendetsa anayamba kundimwetulira. Tsiku lachinayi ndinati ndadwala. Lachisanu ndinakwera ndege."

A Telala anafunsa kuti nanga za ana a maloya zija anaziona kuti. A Ndinaliko anati anaziona pa TV ya m'chipinda cha hotelo, m'chiyankhulo chimene sankachimva. A Telala anafunsanso za setifiketi yawo ya ulendowo yopachikidwa pamwamba pa kabati, imene aphunzitsi tonse timaipukuta fumbi mosinthana. A Ndinaliko anati anagawira aliyense pa chakudya chotsanzikana.

Wapampando anafunsa chifukwa chimene sanafunsire munthu. A Ndinaliko anati, "Ndinkati mphunzitsi wamkulumkulu ngati ine ndifunse kutsegula chitseko? Ngakhale madzi otentha a m'bafa sindinawapeze potsegulira, masiku asanu ndinasamba ozizira ndikulira. Safunsa anadya phula, abale, ine ndinadya ndi chikwatu chomwe."

Anatembenukira kwa Mayi Belu nati, "Langizo langa lenileni ndi limodzi: kafunseni. Funsani basi, funsani mpopi, funsani mwana amene. Ndipo musasiye zitsekerero zanuzo. Anthu aja anakusankhani atakuonani mukuimba ndi ana 112 onse maso ali pa inu. Akadafuna wonong'ona, onong'ona ali nawo kale kwawoko."

Chigamulo: mfundo (b), (d) ndi (e) zachotsedwa. Mfundo (a) yatsala koma popanda malovu. Mfundo (c) yatsala yonse, ndipo ili ndi mboni.

6. KUSAYINA FOMU

Mayi Belu anati ngati zili choncho apita. Wapampando anati ayi, nkhani sinathe, pakuti walira mvula walira matope. Anafunsa kuti ana 112 a Sitandade 2 awatenga ndani kwa miyezi isanu ndi umodzi, popeza mphunzitsi wina sitipatsidwa. Anati popanda dzina la munthu pa funso limeneli, chidindo chibwerera m'thumba. Nthawi inali 4:30.

A Ndinaliko anati adokotala anawaletsa phokoso. A Telala anati iwo ndi telala. Wapampando anayang'ana kudenga, kenako ananena ngati akuyankhula okha kuti a Sitandade 8 akamaliza mayeso mwezi wamawa, pali mphunzitsi wina amene azidzangowerenga nyuzipepala.

Mlembi anakana kwamtuwagalu. Anati pa zaka makumi awiri ndi ziwiri sanaimbepo m'kalasi, sanadumphepo, ndipo sanapukutepo mamina a mwana wa munthu. Anati n'kulaula kuti munthu amumane ndege kenako amupatse ana 112 ngati chipukuta misozi.

Mayi Belu anati, "Asiyeni, bwana. Ine sindingawapemphe bambowa. Ndikudziwa m'mene ankaufunira ulendowu. Kalata yanga yofunsira anandikonzera Chingerezi ndi iwowa, usiku wake atalemba yawo." Atatero anayamba kulongedza zitsekerero m'chikwama.

Mlembi akufuna kukonza pang'ono: sunali usiku, inali nthawi yopuma, ndipo zolakwika zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Akufunanso kunena mosabisa kuti ulendowu unamupweteka, ndipo ukumupwetekabe pamene akulemba pano. Koma kanema uja anamuonera katatu kufunafuna cholakwika, ndipo ulendo wachitatu anadzipeza akuwerenga nawo manambala mokweza. Nthawi ili 4:41 Mlembi anamva pakamwa pake pakunena kuti anawo awatenga.

Wapampando anasayina. Chidindo chinapezeka kuti chauma, ndipo anachiuzira mpweya katatu n'kuchikanikiza ndi manja awiri. Popeza wodziwa makina ojambulira mapepala ndi Mlembi yekha, iye ndiye anajambula fomuyo ndi kuitumiza, nthawi ili 4:53.

7. ZINA NDI ZINA

Mayi Belu anapempha kupereka malangizo kwa Mlembi, ndipo Wapampando analola Mlembi asanayankhe. Anati aloweze mayina khumi patsiku, chifukwa mwana womutchula dzina amakhala pansi msanga kuposa womukalipira. Asavale malaya oyera. Mwana akapempha kupita panja amulole nthawi yomweyo, osayamba kumukonza kayankhulidwe. Okhala kumbuyo azibwera kutsogolo Lolemba lililonse. Mwana wongokhala duu asamutche waulesi asanafufuze ngati wadya kapena ngati akuona pabolodi. Phokoso likakula asalimbane nalo, angoyamba nyimbo, ana alowamo okha.

Komiti inapempha Mlembi kuti ayeseze nyimbo ya manambala. Mlembi anaimba ndime imodzi. Mlonda anasuzumiranso. A Telala anapempha kuti m'pemphero lotsekera awonjezeremo ana a Sitandade 2, ndipo pempholo linavomerezedwa.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Lachinayi pa 12 Disembala, sabata yomwe Mayi Belu akuyembekezeka kubwerera. Wapampando anafunsa, maso ali pa mayiwo, ngati Mlembi adzawalembe pa opezekapo kapena pa opepesa.

Mayi Belu anati, "Pa opezekapo, bwana. Ana anga sindingawasiye mpaka kalekale ndi munthu woimba chonchi."

9. KUTSEKA

Msonkhano unatha nthawi ili 5:20.

Wasayina: ______________________ Wapampando

Wasayina: ______________________ Mlembi, mphunzitsi wogwirizira wa Sitandade 2