Mpongozi Wathu aNanke

Kufupi ndi Nguludi, Chiradzulu
14 Juni 1979

Wokondedwa Francisko, mwana wa mlongo wanga,

Moni. Kaya wadzuka bwanji kuseminaleko? Ife kuno tilipo, koma mayi ako chifuwa chija sichikuwasiya. Cholembera chili m'manja mwa mlongo wako Albertina, pakamwa ndi panga.

Amene ananditsegula m'makutu pa nkhaniyi ndi a Vitalis, akatekisiti athu, ndipo nditamva ndinalakalaka kulowa pansi.

Tinakulembera kuti ubwere, mayi ako asiya kudya. Iwe unayankha kuti chakugwira ndi ananke, sungachitire mwina. Basi. Albertina anawerenga kawiri. Nanga munthu wa makutu awiri ngati ine ndikanamva chiyani? ANangondo timawadziwa, aNaphiri timawadziwa. Tinati aNanke ndi mkazi, wamkola mwana wathu.

Ine ndinapsa mtima. Mayi ako ayi! Anadzuka pamphasa, nalulutira, nati tsopano aona zidzukulu zawo. Tsiku lomwelo anamaliza mbale yonse ya phala.

Ndinayenda ine, mpaka ku Mikolongwe, kufunsa amene amadziwa mtundu wa aNanke. Ena ankati ndi Angoni, ena ankati mwina ndi a ku Mpoto. Nkhalamba yathunthu kutha mapazi kufunafuna ankhoswe a munthu woti kulibe!

Lamlungu ndinawanong'oneza a Vitalis. Anakafunsa abambo kumishoni, nabwerako atagwira nthiti. Anati limenelo ndi liwu la Chigiriki, chinenero chimene Paulo ankalembera makalata ake. Akuti limanena chikakamizo, chinthu chokupana ngati goli pakhosi pa ng'ombe, ndipo Pauloyo ankati kulalikira kunamugwira motero. Anawonjeza kuti liwu lomwelo limanenanso mavuto ofinya munthu.

Ndinati ngati ndi choncho, ndiye kuti aNanke ali kuno, agona pamphasa imodzi ndi mayi ako. Iwe, Chinyanja chinakuthera? Kwa mayi wodwala nkulembera Chigiriki?

Unsembe wako sindikukuletsa. Amene anakuitana ndi wamkulu kuposa malume. Koma ndiulule: mayi ako sindinawauze. Ndinafika pakhomo mawu ali kukamwa, ndinawapeza akukwawa, akuzira nyumba ija ya agogo ako kuti mlendo adzafikiremo. Ndinameza mawu. Ndikawauza, asiyanso kudya. Ndikapanda kuwauza, ine wolandira ukalistia ndikudyetsa mlongo wanga bodza ngati mankhwala.

Pempha masiku atatu kwa akuluakulu ako. Mfundo unamanga ndiwe, bwera udzamasule wekha, akuone nkhope.

M'mawa mwake mayi ako anandiitana, mpweya ukuvuta, nati polemba ndikufunse ngati aNanke amadya kalongonda, kuti ayambe kumuviika. Ndinawayankha kuti ndifunsa. Ndiye ndafunsa.

Ambuye akusunge, akufupikitsire njira. Upereke moni kwa anzako onse, ndi kwa amene anakuphunzitsa Chigirikiyo.

Ndine malume ako,
Kalinde